Mazira a Fulu wa ku Kapata

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinakamalizira ntchito ku Chiparamba, pamene anzanga amene ndinayamba nawo anamalizira m'maofesi a m'tauni. Nthawi zonse ndinkangoyankha kuti boma limatumiza munthu kumene lafuna. Limenelo silinali bodza, koma sinali nkhani yonse. Tsopano poti ndapuma, ndipo maso akadaona, ndaganiza zoilemba yonse.

Chipangali, zaka zisanu ndi zitatu zoyamba

Nditamaliza maphunziro a za ziweto ananditumiza ku Chipangali. Ndinapeza nyumba ya zipinda ziwiri, dipi yong'aluka mbali imodzi, ndi firiji ya palafini imene inkazima ikafuna. Mankhwala a nkhupakupa ankabwera mvula itatha kale, ng'ombe zitafa zofa. Njinga yamoto inalipo imodzi, koma miyezi yambiri inkangotsamira khoma chifukwa chosowa mafuta, choncho midzi yonse ija ndinaidziwa ndi njinga yakapalasa. Mkulu wanga anali a Mwale, bambo wamfupi wosalankhulalankhula, amene anagwira ntchitoyi ine ndisanabadwe.

Chaka china chigodola chinalowa m'makola a nkhumba. M'mudzi wina anthu anagwira mlimi mnzawo n'kumati ndiye wathira mankhwala oipa, chifukwa nkhumba zake zokha zinali zisanafe. Ine ndinaimirira pakati pawo n'kuyamba kufotokoza za tizilombo tosaoneka ndi maso, monga anatiphunzitsira kukoleji. Palibe amene anandimvera. A Mwale anabwera kutsogolo. Anapempha mpeni, natumbula nkhumba imodzi yakufa anthu onse akuona, n'kuwaonetsa kapamba wotupa, wakuda bii. Anatumbula ina ya khola lina, chimodzimodzi. Kenaka anawauza kuti nkhumba za mlimi uja nazonso zifa sabata isanathe, ndipo zinafadi. Tikubwerera anandiuza kuti, "Daka, munthu wamantha samva ndi makutu. Uzimuonetsa." Ntchito yanga yonse ndinaigwira motero.

Chipata, zaka zapakati

Kuchoka ku Chipangali ndinayenda m'malo ena awiri, kenaka anandiitanira ku ofesi ya m'tauni. Kumeneko ntchito inali ya mtundu wina: kubaya agalu katemera wa chiwewe, kuyeza nyama kophera ng'ombe m'mawa uliwonse, ndi kulemba zilolezo zosamutsira ziweto. Katemera ankatha anthu akadali pamzere, ndipo ndinazolowera kuuza munthu amene wayenda kuchokera kutali ndi galu wake pachingwe kuti abwerenso mwezi wamawa. M'zaka zanga zomaliza kumeneko mkulu wathu anali a dokotala Sakala, munthu wodziwa ntchito, waukhondo, koma woopa kwambiri chilichonse chimene chingabweretse dzina la ofesi pakamwa pa anthu.

Kapata, nditatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume

Linali Lachinayi la mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi m'misewu. Pabenchi ya panja panakhala mayi wina wovala duku lakuda, wopanda galu, wopanda pepala m'manja. Aliyense akabwera, mayiyo ankamusiyira malo kuti alowe. Anthu atatha ndi pamene anagogoda.

"Odi, bambo. Kodi kuno mumaonanso afulu?"

Ndinaseka. Mpaka lero ndimadziimba mlandu chifukwa cha kuseka kumeneko. Iwo sanaseke. Anakhala pansi n'kundiuza kuti ndi a Nabanda, a ku Kapata m'tauni momwemo, mkazi wa malemu a Jere, amene ankayendetsa malole. Zaka khumi ndi zinayi m'mbuyomo amuna awo anatola kafulu pakati pa msewu wa ku Mfuwe, kakang'ono ngati chikhatho, n'kubwera nako kunyumba. Anakatcha Kondakitala poti anayenda nako kutsogolo kwa lole. Nyumbayo inali ndi mpanda wa njerwa, ndipo fuluyo anakulira m'menemo, akudya makoko a mavwende ndi masamba a kabichi, osatulukapo ngakhale tsiku limodzi. Banjalo linalibe mwana. A Jere akabwera kuulendo ankayamba kufunsa za Kondakitala asanavule nsapato, ndipo aliyense, achibale ndi anansi omwe, ankadziwa kuti fuluyo ndi wamwamuna.

A Jere anamwalira nthawi ya dzinja. Patatha miyezi isanu ndi iwiri, m'mawa wina a Nabanda anapeza mazira asanu pasimenti kuseri kwa khitchini, awiri ataphwanyika. Tsoka lake, mkazi wa a Yotamu Jere, alamu awo, anali atabwera kudzacheza, ndipo anawaona.

"Akuti fulu wamwamuna saikira mazira," anatero a Nabanda. "Akuti ngakhale akhale wamkazi, mwamuna wam'peza kuti m'kati mwa mpanda? Ndiye akuti chimenechi si chinyama, ndi chinthu changa chimene ndinaphera m'bale wawo. Loweruka akubwera onse kudzandichotsa panyumba. Fuluyo am'tsekera mumgolo mpaka sing'anga adzabwere. Sabata yatha sanadye."

Ndinawafunsa ngati anawetapo nkhuku popanda tambala. Anati inde. Ndinati nanga sizinkaikira? Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, kenaka anati, "Ine ndamva, bambo. Koma alamu anga sangamve zimenezi kuchokera pakamwa panga."

Zoona zake, za afulu ndinkadziwa pang'ono. Kukoleji sanatiphunzitse. Tsiku lomwelo ndinaimbira foni mnzanga wina wa m'kalasi amene ankagwira ntchito ndi nyama zakutchire kuchigwa cha Luangwa. Iye anandiuza kuti fulu wamkazi akakhwima, thupi lake limapanga mazira, mwamuna akhalepo kapena asakhalepo, ndipo kukhwimako kumatenga zaka zoposa khumi, n'chifukwa chake uyu anali asanaikirepo. Anati fulu amene anakumanapo ndi mwamuna amatha kusunga mbewu m'thupi kwa zaka zingapo n'kudzaikira mazira amoyo, koma amene anatoledwa ali kamwana n'kukhala yekha zaka zonsezo, mazira ake sangaswe. Anandiphunzitsa kusiyanitsa wamkazi ndi wamwamuna. Pomaliza anandifunsa ngati pabwalopo pali dothi lofewa. Nditati ndamva kuti ndi simenti, anati, "Ndiye fulumira. Akasowa pokumba amagwira mazira m'mimba, ndipo amafa nawo. Asanu okhawo si onse."

Lachisanu m'mawa ndinakalowa mu ofesi ya a dokotala Sakala n'kuwafotokozera zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, atavula magalasi.

"A Daka, nkhani imeneyi ili ndi miyendo itatu, ndipo palibe mwendo wathu," anatero. "Ufiti si wathu. Chuma cha masiye si chathu. Fulu ndi nyama yakutchire, eni ake ndi a zanyama, ndipo mayiyo alibe chilolezo chom'sungira. Mukapita kumeneko ndi chovala cha ofesi, mawa achibale aja adzabwera pano kudzati boma likuteteza mfiti."

"Bwana, chinyama chikudwala. Chimenecho ndi chathu."

"Auzeni abwere nacho pano."

"Achitsekera, ndipo kiyi ali ndi alamu awo."

"Ndiye musapite. Mwatsala ndi zaka ziwiri, mbiri yanu ndi yoyera. Ndakuuzani monga mkulu wanu, musapite."

Ndinatuluka mu ofesimo. Masana ndinapita kunyumba n'kupeza mayi anu akuchapa. Ndinawauza zonse, ndikuyembekeza kuti andiuza kuti ndimvere abwana, chifukwa awiri mwa inu munali musanamalize sukulu. Anapitiriza kufinya malaya, osandiyang'ana. Kenaka anati, "Inu mukadzafa, ine ndidzakhala pabenchi ya ndani?" Anangonena zomwezo, n'kupita kukayanika.

Chimene chinandivuta kwambiri sichinali kupita, koma chovala. Ndikanatha kupita ngati Daka wamba, m'bale wa mumpingo, ndipo a dokotala Sakala sakanakhala ndi chonena. Koma ndinkadziwa kuti mawu a Daka wamba sakanalemera kuposa a a Nabanda. Loweruka m'mawa ndinavala khoti langa loyera la ntchito, n'kupachika chitupa pachifuwa.

Ndinapeza anthu atakhala kale. A Yotamu anali pampando pakhonde, bambo wamtali wa imvi zochepa, mkazi wawo pambali. Panali alongo awiri a malemu, anansi angapo ataimirira pageti, ndi wapampando wa mphakati wa kutchalitchi kwa a Nabanda, amene anabwera kudzamva. A Nabanda anakhala pamphasa okha. Bwalo lonse linali la simenti, kupatula kadothi kouma gwa kuzungulira mtengo wa gwafa pakona.

Nditapereka moni ndi kunena kumene ndachokera, a Yotamu anati, "Ife sitinaitane boma. Iyi ndi nkhani ya pabanja."

"Za pabanja sindilowererapo, bambo," ndinatero. "Ndamva kuti pano pali chiweto chodwala. Ndiloleni ndichione, ndikatha ndizipita."

Anazengereza, koma anthu a pageti anali akuyang'ana, ndipo anatulutsa kiyi. M'chipinda chosungiramo katundu munali mgolo wachitsulo wovundikira ndi thabwa ndi mwala. Palibe amene anafuna kuuyandikira. Ndinapisa manja n'kum'tulutsa. Anali wolemera, wa chigoba chokongola cha mawanga, koma maso atalowa m'kati, ndipo zikhadabo za miyendo yakumbuyo zinali zitaperepeseka chifukwa chokanda chitsulo. Nditatuluka naye panja, alongo aja anasuntha mipando yawo.

Ndinam'pendeketsa pang'ono kuti onse aone kunsi. Ndinawaonetsa kuti chigoba cha pamimba n'chosalala, pamene cha wamwamuna chimakhala cholowa m'kati ngati mbale, ndiponso kuti mchira wake ndi waufupi. Ndinati, "Malemu anam'patsa dzina lachimuna, koma uyu ndi mkazi chibadwire." Wina pageti anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Ndinalowetsa chala pamphako ya kutsogolo kwa mwendo wakumbuyo, ndipo ndinawamva mazira, olimba ngati miyala. Ndinapempha wapampando uja kuti agwirepo nayenso. Anagwira, n'kunena mokweza kuti alimodi. Ndiyeno ndinafotokoza za nkhuku yopanda tambala, ndi za zaka zimene fulu amatenga kuti akhwime, ndi kuti amafuna dothi lokumba, ndipo akalisowa amangotaya mazira paliponse kapena kufa nawo.

"Nkhuku ndi nkhuku," anatero a Yotamu. "Inu mukuti m'mazira amenewa mulibe chamoyo. Ife tamva kuti muli zinthu. Ngati mukunena zoona, tiswereni limodzi tione."

Ndinafunsa kumene kunali mazira atatu otsala aja. A Nabanda anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo anandikodola kuti ndiwatsatire. M'chipinda chawo, pansi pa bedi, anatulutsa beseni la mchenga. Mazirawo anali m'menemo, oyera, obulungira, atafunditsidwa juzi yakale ya amuna awo. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu.

"Bambo, musaswe."

"Mayi, ndinakuuzani kuti sangaswe ana."

"Munandiuza. Koma bwanji ngati limodzi lokha? Zaka zonsezi sanaikirepo. Waikira a Jere atapita. Ine ndimati mwina andisiyira kanthu."

Ana anga, ndatumbula ziweto zosawerengeka, ndaombera agalu achiwewe eni ake akulira, koma sindinaimepo pamalo ovuta ngati pamenepo. Mayiyu anabwera kwa ine kuti ndidzanene kuti mazirawo ndi wamba, pamene mumtima mwake ankapemphera kuti asakhale wamba. Ndikanakana kuswa, a Yotamu akanati tikubisa, ndipo madzulo a tsikulo katundu wa a Nabanda akanakhala panja. Ndinawauza zimenezo mosabisa. Ndinati sindiswa popanda chilolezo chawo. Anayang'ana mazira aja. Kenaka anachotsa juzi ija, naipinda bwinobwino, n'kundipatsa beseni.

Panja ndinapempha mbale. Ndinagogoda dzira limodzi m'mphepete mwake, ndipo munatuluka zoyera ndi yolika yachikasu, basi, monga dzira lililonse. Ndinayendetsa mbaleyo kwa aliyense. Ndivomere pano kuti kwa munthu wodziwa, mbale imeneyo sinali umboni wokwanira, chifukwa dzira la masiku ochepa silionetsa zambiri. Umboni weniweni unali mpanda uja ndi zaka khumi ndi zinayi. Koma anthuwo ankayembekeza tsitsi, kapena magazi, kapena kanthu koyenda, ndipo sanapeze. Ndinaona mapewa awo akutsika.

Pamenepo ndi pamene ndinalakwa. Pokondwa kuti ndapambana, ndinakweza mawu n'kuti, "Mwaona? Mulibe kanthu. Thupi langodzivutitsa pachabe, silingabale." Mawuwo atangotuluka, anthu anayang'anana. Mkazi wa a Yotamu anayang'ana a Nabanda, alongo aja anayang'ana pansi. Aliyense pamenepo ankadziwa kuti mayiyu anakhala m'banja zaka zoposa makumi awiri popanda mwana. A Nabanda sanalire. Anangokonza duku lawo, n'kuyang'ana kukhoma.

Wapampando wa mphakati ndiye anatiwombola. Anati iye waona ndi maso ake ndipo wagwira ndi dzanja lake, ndipo akalemba zimene waona kuti aliyense wofuna kupita nayo patsogolo nkhaniyi akakumane ndi kalatayo. A Yotamu anaimirira, navala chipewa, n'kutuluka osatsanzika. Enawo anawatsatira mmodzimmodzi. Sing'anga uja sanabwere.

Ine ndinatsala. Tinam'khazika fuluyo m'madzi ofunda kufika m'munsi mwa chigoba, ndipo anamwa kwa nthawi yaitali. Ndinabwereka khasu kwa anansi n'kutipula dothi la pansi pa mtengo wa gwafa mpaka kuya kwa mkono, n'kusakaniza ndi mchenga, n'kuthira madzi. Ndinauza a Nabanda kuti am'siye pamenepo, asam'yang'anitsitse, ndipo ngati pofika Lachiwiri sanaikire anditumire uthenga. Anandithokoza mwaulemu, koma sanandiyang'ane kumaso. Lolemba masana uthenga unafika wakuti wakumba dzenje ndi miyendo yakumbuyo, waikira asanu ndi awiri, wakwirira, ndipo wadya kabichi.

Lolemba lomwelo a Yotamu anali atafika kale ku ofesi kudzadandaula, monga momwe a dokotala Sakala ananenera. Ndinalandira kalata yondichenjeza chifukwa chosamvera mkulu wanga, ndipo mwezi usanathe inabwera ina yondisamutsira ku Chiparamba. Sindiwasungira chakukhosi a dokotala Sakala. Anandiuza zoona, ndipo ine ndinasankha ndikudziwa. A zanyama nawo anapita ku Kapata. Mnzanga wa kuchigwa uja anali atawafotokozera kuti fulu amene wakulira mumpanda sangabwezedwe kutchire mwachisawawa, ndipo atatha kuona, anawalembera a Nabanda pepala la chilolezo n'kuwasiyira fuluyo.

Chiparamba, zaka ziwiri zomaliza

Ndinabwerera ku ntchito ya dipi ndi njinga ndili ndi mawondo a munthu wamkulu. Mayi anu anatsala m'tauni chifukwa cha sukulu yanu, ine ndinkabwera kumapeto kwa mwezi. Sindinganene kuti zinali zaka zoipa. Alimi a kumeneko anandilandira bwino, ndipo tinakonza dipi imene inakhala yosagwira ntchito kwa nthawi yaitali. Koma mawu amene ndinanena pabwalo paja sanandichoke. Ulendo wina nditabwera m'tauni ndinapita ku Kapata. Ndinapeza a Nabanda akusankha nyemba pakhonde, fulu ali phee pamthunzi. Nditakhala pansi ndinawauza kuti ndabwera kudzapepesa, ndipo ndinabwereza mawu aja kuti adziwe chimene ndikupepesera.

Anaika lichero pambali. "Bambo Daka, mawu amenewo sanayambe ndi inu. Ndinawamva kwa apongozi anga, ndinawamva kuchitsime, ndinawamva ngakhale pamaliro a amuna anga. Kungoti inu nokha ndi amene mwabwera kudzapepesa." Anayang'ana fulu uja. "Chaka chino waikiranso. Ndimam'siya akwirire, pakapita masiku ndimafukula n'kukataya. Poyamba ndinkalira. Koma ndaona mmene amakumbira, tsiku lonse, mwendo uno, mwendo uwo, mosamala ngati kuti muli ana. Iye salakwa kanthu. Amachita zimene thupi lake lamuuza, ndipo akatha amakadya. Pachabe ndi mawu a ife anthu."

Ndinabwerera ku Chiparamba mawa lake, ndipo ndinagwira ntchito mpaka tsiku langa lopuma linakwana.

Nditapuma

A Nabanda anakhala m'nyumba yawo zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka anamwalira ndi matenda a mtima. Ndinapita kumaliro. Nyumba ija inapita kwa a Yotamu, ndipo munalowa mwana wawo wamkulu ndi banja lake. Za fulu sindinafunse. Ndinkaopa yankho.

Chaka chatha, mwezi wa Sepitembala, ndili pakhonde pano, ndinamva odi pageti. Anali a Yotamu, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Tinapatsana moni ngati anthu amene sanayambanepo. Anakana tiyi. Anakhala akutembenuza chipewa m'manja, kenaka anati:

"A Daka, Kondakitala wasiya kudya. Akungokanda pansi ndi miyendo yakumbuyo. Mwana wanga anadula gwafa uja n'kuthira simenti pakona ponse kuti aziimikapo galimoto. Ine ndinali kumudzi, sindinadziwe."

"Akadali moyo?" ndinafunsa.

"Alamu anga ali m'chipatala anandiitanitsa. Ndinkati akandinena. Anangoti, alamu, fulu wa akulu anu musam'taye." Anaika chipewa pabondo. "Ine mayi amene uja ndinam'lakwira, ndipo ndinalephera kutsegula pakamwa mpaka anatseka maso. Ndiuzeni chochita."

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga piki imene ndimakumbira maenje a nthochi. Tinakwera takisi mpaka ku Kapata. Mwana wawo anali kuntchito, ndipo mpongozi wawo anangoima pakhomo kutiyang'ana. A Yotamu anaika ndodo pansi, nandilanda piki, n'kumenya koyamba iwo. Simentiyo inali yokhuthala, ndipo tonse awiri tinali nkhalamba. Mmodzi akatopa ankapatsa mnzake, n'kukhala pansi kupuma pafupi ndi fulu. Dzuwa litafika pamutu, dothi linaoneka.